Kalata imene ili m'dirowa yanga

Mawu a mayi ena a kuntchito kwathu akundizungulirabe m'mutu, ngakhale kuti anawalankhula motsitsa ndipo sanakhalitse n'komwe. Anandipeza pa nthawi yopuma masana, anaima pakhomo osafuna kukhala pampando, kenako anati: "Achimwene, kalata ndinakupatsani ija ingoisiyani, musapite nayo ku komiti."

Kalatayo ndi dandaulo lakuti kwa miyezi itatu akhala akugwira ovataimu koma pamalipiro awo sipakuoneka kanthu. Anailemba pamanja, masamba awiri, ndipo kumbuyo anamatako kapepala kosonyeza tsiku lililonse ndi ola limene anaweruka. Chilowereni m'komiti yathu yomva madandaulo, momwe ndimaimira ogwira ntchito anzanga, sindinaonepo nkhani yokhala ndi umboni wolongosoka chotere, ndipo mwina n'chifukwa chake mtima ukundiwawa.

Nditawafunsa chimene chasintha, anandiuza kuti amva zoti bwana amene amasainira maola awo ndi amenenso adzakhale wapampando tsiku lomva nkhaniyo. Ndinayesa kuwalimbitsa mtima ndi zimene tinaphunzira polowa m'komiti. Ndinawafotokozera kuti bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lomwe likulu lake lili ku Geneva, linakhazikitsa mu 1967 malangizo a nambala 130, onena kuti wantchito ali ndi ufulu wopereka dandaulo popanda kukhaulitsidwa nalo, kuti nkhani iziyambira kwa womuyang'anira ndi kukwera pamwamba ikakanika, komanso kuti angathe kuperekezedwa ndi womuimira. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anamwetulira pang'ono nati: "Zonsezo ndamva, achimwene, koma mashifiti athu salemba a ku Geneva."

Ndinasowa choyankha. Lamulo limagwira bwana amene wachotsa munthu ntchito popanda chifukwa chomveka kapena popanda kumumva mbali yake, koma bwana wochenjera sachotsa munthu. Amangomuika pa shifiti ya usiku mwezi wathunthu, amachedwetsa kusainira tchuthi chake, amasiya kumuyankha moni, ndipo palibe chimodzi mwa zimenezi chimene munthu angachilembe papepala n'kuoneka ngati mlandu.

Chimene chikundichititsa manyazi n'chakuti inenso mantha omwewo ndili nawo. Pangano la ILO la nambala 135 la mu 1971 limateteza oimira antchito kuti asachotsedwe kapena kulangidwa chifukwa cha udindo wawo, ndipo ndimatha kulitchula bwino pamaso pa anthu. Komabe pa msonkhano wapitawu, kapena unali winawo, wapampando atanena kuti nkhani ya ovataimu idikire kaye, ndinangoweramira mu kope langa n'kumalemba ngati kuti ndine mlembi. Mwina mayi aja anamvanso zimenezo.

Madzulo ano ndakhala ndikuganiza zopempha kuti wapampando atuluke pokambirana nkhani imene ikumukhudza, popeza munthu sangaweruze mlandu umene iye mwini ali woyankha. Vuto n'lakuti pempho lotere lidzaulula kumene dandaulo lachokera, chifukwa anthu ogwira ntchito pansi pa bwana ameneyu ndi owerengeka. Kupita nayo kalatayo mwiniwake atakana kungakhale kumupereka, ndipo sanandiuze kuti ndiwabwezere kapena ndiing'ambe. Ndaiika m'dirowa, pansi pa maminitsi a msonkhano uja, ndipo komiti ikumananso Lachinayi.