Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Masamu a ngolo mu Fomu 3

Zaka zimene ndinkaphunzitsa masamu kusekondale yoyendera, ntchito yaikulu inali pa mafunso olembedwa m'mawu. Mwana wodziwa bwino kuchulukitsa ndi kugawa amangoti kakasi akapatsidwa ndime ya Chingerezi yoti atulutsemo equation, chonsecho pa mayeso a MSCE mafunso otere salephera kubwera.

Ndinkayamba ndi funso la ngolo. Mwini ngolo wina amalipiritsa K3,000 yongofikira kumunda, kenako K500 pa thumba lililonse la chimanga. Mnzake yofikira salipiritsa, koma thumba ndi K800. Mlimi asankhe uti?

Poyamba chilembo chisaoneke. Ana afotokoze nkhaniyo m'Chichewa, kenako awerengere matumba 2, 4 ndi 6 m'tebulo: woyamba K4,000, K5,000, K6,000, wachiwiri K1,600, K3,200, K4,800. Apa amaona okha ndalama imene ikukwera ndi imene sikusuntha. Tsopano x alowe, koma ndi chiganizo chathunthu: "x ndi chiwerengero cha matumba". Wolemba kuti "x ndi chimanga" ndinkamubweza, poti chimanga sungachichulukitse ndi 500. Zikatero, y akakhala ndalama zonse zolipira, timapeza y = 500x + 3000 ndi y = 800x.

Ambiri amalemba 3000x + 500, chifukwa 3,000 ndiyo yayamba kutchulidwa. Matenda omwewa ndi amene amawalembetsa 5 − x pamene funso lati "5 less than x": amatsatira ndondomeko ya mawu, tanthauzo n'kulisiya. Osawauza yankho. Aike 2 m'malo mwa x mu 3000x + 500, apeza K6,500 pomwe tebulo lawo lomwe likuti K4,000.

Pa graph, chimene chimapha ana ndi sikelo. Matumba akhale pa mzere wogona, masentimita 2 kuimira matumba 2. Ndalama pa woimirira, masentimita 2 kuimira K2,000. Mzere uliwonse ukhale ndi madontho atatu, chifukwa awiri amalumikizika ngakhale limodzi lili lolakwika. Pensulo ikhale yosongoka, ndipo rula ipitirire mpaka matumba 14.

Mizereyo imakumana pa matumba 10, K8,000. Osalekera pamenepo: mwana anene m'mawu kuti wokolola matumba 7 atenge ngolo yachiwiri, K5,600 m'malo mwa K6,500, pomwe wa matumba 14 apulumutsa K1,200 akatenga yoyamba.