Tsiku limene Land Rover ya malume inapita yokha kumsika

Land Rover imene ndinalandira malume atamwalira ndi ya mtundu wa Series III, imodzi mwa zimene zinkapangidwa pakati pa 1971 ndi 1985, ndipo aliyense amene anaikwerapo kuno ku Dedza angachitire umboni kuti galimotoyi sidziwa kukhala chete. Zitseko zimalira, mawindo amalira, ndipo ngakhale mpando wa dalaivala uli ndi mawu akeake. Choncho ndikanena kuti inayamba kunjenjemera, sindikunena kugwedezeka kwa masiku onse kumene banja lathu linakuzolowera kalekale, koma matenda achilendo amene ankayamba liwiro likangofika cha m'ma kilomita 60 pa ola, n'kukwera kuchokera pansi pa mpando mpaka m'mano, moti galasi loonera kumbuyo linkandionetsa minibasi zitatu pamene kumbuyoko kunali imodzi yokha.

Alangizi sanasowe. Ambiri anati vuto ndi matayala, ndipo ndinawamvera, chifukwa n'zoona kuti matope akauma mkati mwa limu, tayala limalemera mbali imodzi n'kumadumpha likamazungulira. Ndinakokota matope onse, ndinapita ku Lilongwe kukayeza matayala pa makina n'kuikamo tizitsulo tolinganiza kulemera kwake, koma pobwerera, ndisanafike n'komwe pa Nathenje, mano anga anali atayambiranso kugundana. Mlamu wanga, amene sanagwirepo sipanala chibadwire, anandiuza mwachidaliro kuti galimoto ya munthu womwalira siinjenjemera popanda chifukwa, ndipo anafunsa ngati mwambo wonse wa maliro a malume unayenda bwino. Sindinamuyankhe, ngakhale usiku umenewo ndinaganizirapo pang'ono.

Amene anandithandiza ndi makaniko wina wachikulire amene galaja yake ili pamtunda, moyang'anana ndi pamene amayi amagulitsira ndiwo zamasamba. Iwo sanayambe ndi kutsegula boneti ayi. Anakwera, anakhala pambali panga, n'kundiuza kuti tilowe mumsewu wa M1 tilunjike cha ku Bembeke. Kunjenjemera kutayamba anandifunsa kuti, "Bambo, mukukumva m'manja kapena pamene mwakhalirapo?" Ndinayankha mwaulemu kuti ndi pamene ndakhalirapo, ndipo iwo anati ndiye kuti matayala akutsogolo alibe mlandu, chifukwa amenewo akadwala amagwedeza chiwongolero. Kenako anandiuza kuti ndichotse giya, galimoto iziyenda yokha injini itatsika mawu. Kunjenjemera sikunasiye, ndipo apo injini nayonso inapezeka yosalakwa, pakuti vuto la injini limatsatira kulira kwa injini, pamene ili linkatsatira liwiro la galimoto. Anandifotokozeranso kuti pa galimoto ya mtundu uwu propshaft, chitsulo chachitali chija chimene chimachokera ku giyabokosi kupita ku matayala akumbuyo, chimazungulira pafupifupi kasanu tayala likazungulira kamodzi, n'chifukwa chake chikalakwika kunjenjemera kwake kumakhala kofulumira ndi kong'ung'udza, kosiyana ndi kudumpha kwa tayala.

Titabwerera pagalaja, anati njira yachidule yogwirira wolakwa ndiyo kumuchotsa n'kuona ngati mudzi ukhala pa mtendere. Mnyamata wawo analowa pansi, anamasula mabawuti, n'kutulutsa propshaft yakumbuyo yonse, ndipo ine ndinauzidwa kuti ndikayese galimoto ikukokedwa ndi matayala akutsogolo okha. Zimenezi n'zotheka pa Series III: umakanikiza kandodo ka mutu wachikasu kamene kali pafupi ndi giya kuti mphamvu ipite kutsogolo, ndipo popeza malume anaikitsa ma hub opotokola ndi dzanja pa matayala akutsogolo, zitsulo za pakati pa tayala zimene zimalumikiza tayalalo ku mphamvu ya injini kapena kulimasula, umayenera kuwatembenuzira pa LOCK. Ndinachita zonsezi, ndinayenda ulendo womwe uja ndekha, ndipo galimoto inadutsa 60 osanjenjemera ngakhale pang'ono. Ndinabwerera ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi.

Tsopano ndikupempha owerenga aone bwino mmene ndinaimikira galimoto, chifukwa pali anthu pa Dedza pano amene akufalitsa nkhani yolakwika. Ndinaima kutsogolo kwa galaja, mphuno ya galimoto italoza kumtunda. Ndinakoka handibuleki mpaka inalira. Ndinasiya galimoto m'giya yoyamba. Palibe sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto imene ingandichotsere malikisi pa zimenezi. Nditatsika ndinakumbukira lamulo la malume, limene ankalibwereza nthawi zonse ali moyo, lakuti ma hub asamasiyidwe pa LOCK galimoto ikakhala pa msewu wa tala. Monga mphwake womvera, ndinanjuta pa tayala lakumanja, ndinagwira hub ndi manja awiri popeza inali italimba modabwitsa, n'kuipotokola ndi mphamvu zanga zonse kupita pa FREE. Inalira kuti "tha", ndipo ndili chinjutire ndinaona kalemba ka pa tayala, kamene kanali pamwamba, kakutsetsereka pang'onopang'ono kupita cham'mbali.

Galimoto sinathamange poyamba. Inanyamuka mwaulemu ngati mkulu wa mpingo amene akutuluka msonkhano usanathe, cham'mbuyo, osayang'ana munthu. Ndinayenda nayo limodzi masitepe angapo ndikugwira chitseko, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndingolowa n'kuponda buleki ya phazi, imene inali bwinobwino. Koma chitseko cha dalaivala cha galimoto imeneyi chimatseguka pokhapokha ukachinyamula pang'ono kwinaku ukuchimenya ndi bondo, ndipo luso limeneli limafuna kuti munthu ndi galimoto onse akhale ataima. Masitepe anasanduka liwiro. Mnyamata wa pagalaja anathamanga ndi mwala kuti aike kutayala, tayala linaukwera n'kutsika mbali inayo mosadandaula. Makaniko anaima pakhomo atanyamula propshaft yanga paphewa, akufuula mawu amene sindingawalembe pano, ndipo ine ndinkathamanga pambali pa galimoto yopanda dalaivala ndikukuwa kuti "Odi! Odi kumeneko!"

Amayi ogulitsa malonda anamwazikana bwinobwino, ndipo ndikuthokoza Mulungu kuti palibe amene anavulala. Galimoto inadutsa pakati pa milu ya mbatata ya kachewere osakhudza ngakhale imodzi, inasiya kabichi kumanzere, n'kusankha madengu a matimati akupsa a mayi mmodzi, ndipo itawaponda onse inakakhazika matayala akumbuyo m'ngalande n'kuima. Panali kachetechete kwa kanthawi. Kenako mayiwo anamanga chitenje chawo bwino, anayang'ana matimati, anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, n'kunena modekha kuti, "Bambo, mwagula. Ndikuikireni m'jumbo kapena mutengera m'matayala momwemo?"

Tili mkati mokoka galimoto m'ngalande, makaniko anandiphunzitsa chinthu chimene malume anapita nacho kumanda. Handibuleki ya Land Rover yakale sigwira matayala. Imagwira chitsulo chozungulira chimene chili kumbuyo kwa giyabokosi, pamene propshaft yakumbuyo imamangidwa, ndipo matayala amaima chifukwa choti propshaft yagwidwa. Tsono propshaft ija inali paphewa pawo. Chimene chinkaimitsa galimoto yonse pamtunda paja anali matayala akutsogolo kudzera mu ma hub, ndipo kumasula hub imodzi yokha kunali kokwanira, chifukwa difu, chipangizo chimene chimagawira matayala awiriwo mphamvu, imapereka kuzungulira konse ku mbali imene yamasuka. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandichenjezere, ndipo iwo anati pa zaka zonse zimene agwira ntchitoyi sanaonepo munthu wakhama lotere pa kumvera malangizo a akufa.

Matenda enieni anapezeka propshaft itagonekedwa pa benchi. Chitsulochi chili ndi mbali ziwiri zolowana, ndipo kumapeto kulikonse kuli cross, kachitsulo ka mtanda kamene kamalola kuti chizizungulira chitapendekeka. Cross ikapendekeka sizungulira mofanana: imafulumira ndi kuchedwa pa kuzungulira kulikonse, ndipo cross yachiwiri imakonza zimenezi pokhapokha mafoloko a kumapeto onse awiri, zitsulo za mphanda zimene zimagwira cross, ali pa mzere umodzi. Pa yanga, munthu wina amene anaisolola m'mbuyomu anaibwezera mafoloko atasemphana, ndipo cross imodzi inali itauma, fumbi lofiira la dzimbiri likutuluka m'mbali mwake chifukwa chosowa girizi. Anasolola, analinganiza mafoloko, anasintha cross, anapopera girizi, n'kulemba mzere wa penti yoyera kuti wina asadzasokonezenso. Ntchito yonseyi inatha dzuwa lisanapendeke, ndipo mtengo wake unachepa poyerekeza ndi wa matimati.

Galimoto tsopano imayenda bwino, ndipo kunyumba tinadya ndiwo za matimati mpaka ana anayamba kupempha chinangwa chouma. Mayi aja sanasunge chakukhosi. Ndikangoima pafupi ndi msika amandilonjera ndi ulemu wonse kuti ndine kasitomala wawo wamkulu, kenako amatuma mwana wawo kuti akaike njerwa kumatayala onse anayi ndisanazimitse injini.