Kuyambira Lolemba mpaka Lamulungu m'chipinda cha makochi a difensi

Lolemba m'mawa, osewera asanatulukire, kanema wa gemu ya dzulo amayenera kukhala atadulidwa kale sewero ndi sewero. Imeneyo ndi ntchito ya quality control, udindo wotsikitsitsa pakati pa makochi a timu ya NFL, ligi ya mpira wa ku America wotchedwa American football. Sewero lililonse timaliona kawiri: koyamba ndi kamera ya m'mbali, yomwe ili pamwamba ndipo imaonetsa osewera onse 22, kenako ndi ya kuseri kwa end zone (dera la kumapeto kwa bwalo kumene amagoletsera), yomwe imaonetsa mipata ya pamzere. Pa gemu imodzi difensi, gulu lotchinga adani akakhala ndi mpira, imakhala ndi masewero pakati pa 60 ndi 70. Pa lililonse, kochi wa gulu amalemba zinthu zitatu za munthu wake: anaima pamalo oyenera, anadziwa ntchito yake, anaigwira.

Iyi inali sabata yachitatu ya sizoni, timu ili ndi mphunzitsi wamkulu watsopano komanso coordinator watsopano, kochi woyang'anira difensi yonse. Zolakwa timazigawa patatu. Pali kuphonya pogwetsa munthu, pali ulesi pothamangira mpira, ndiye pali kusokonezeka m'mutu. Timu ikangosintha makochi, chachitatuchi ndi chimene chimadzaza pepala, ndipo nthawi zambiri opezeka nacho ndi osewera akale, odziwa mpira, amene thupi lawo likutsatirabe zimene linazolowera.

Mipata ya pamzere ili ndi mayina. Pamzere wa ofensi, gulu lokhala ndi mpira, pakati pamaima center, m'mbali mwake ma guard, kenako ma tackle, kumapeto tight end. Wa pakati pa center ndi guard ndi A, wa pakati pa guard ndi tackle ndi B, wa kunja kwa tackle ndi C, wa kunja kwa tight end ndi D. Chaka chatha anyamata a kutsogolo ankasewera mipata iwiri aliyense: kugwira munthu pachifuwa, kumuimitsa, kuyang'ana kumene mpira ukulowera, kenako kumutaya. Ife tabwera ndi dongosolo la mpata umodzi, loti mpira ukangogwedezeka munthu alowe mumpata wake osayang'ana kwina. Pofotokoza zimamveka zophweka. Koma amene wakhala zaka zinayi akuphunzitsidwa kudikira amachedwa ndi phazi limodzi, ndipo phazi limodzilo ndi lokwanira kuti guard amutsekere njira n'kukafika pa linebacker, wotchinga amene amaima kumbuyo kwa mzere.

Sewero limene linatidya kwambiri dzulo lake linali counter, pomwe guard amachoka pamalo pake n'kuzungulira kukagunda defensive end (wotchinga wa kumapeto kwa mzere) wa mbali inayo. Pali njira ziwiri zomulandirira. Ina ndi kumugunda ndi phewa lamkati, iwe n'kukhala kunja, kuti wothamanga ndi mpira abwerere mkati. Ina ndi kulowa pansi pake, kutseka mkati, kuti mpira utayikire kunja komwe linebacker akuthamangira. Zonse zimagwira ntchito, bola anthu awiriwo agwirizane. Pa kanema end wathu anakhala kunja monga ankachitira chaka chatha, linebacker nayenso anathamangira kunja monga tamuphunzitsira chaka chino. Anthu awiri mumpata umodzi, mkati muli pululu. Zinachitika katatu m'gemu imodzi, ndipo aliyense wa awiriwo ankakhulupirira kuti wachita bwino.

Wina angafunse kuti nanga miyezi yonse ija tinkaphunzitsa chiyani. Pangano la ligi ndi bungwe la osewera limaika malire olimba. Timu yokhala ndi mphunzitsi wamkulu watsopano imaloledwa kuyamba zokonzekera masabata awiri ena asanayambe, mu Epulo, ndi kuchita minicamp (masiku ochepa oyeseza) imodzi yowonjezera. Komabe masabata awiri oyamba ndi a majimu ndi misonkhano basi. Masabata atatu otsatira mumalowa pabwalo koma difensi siyang'anana ndi ofensi. Kumapeto kuli masiku 10 a zoyeseza zotchedwa OTA, momwe 11 amayang'anana ndi 11 koma popanda kugundana. Kulandira guard wolemera makilogalamu 140 akubwera ali pa liwiro sikuphunzirika popanda kugundana. Ndiponso pa nthawi imeneyo timu imakhala ndi anthu 90. Ikamadzatsala ndi 53, ena amene anamvetsa bwino dongosolo amakhala atapita.

N'chifukwa chake palibe amene amanjenjemera mu Seputembala. Mu 2007 a Steve Spagnuolo atangotenga difensi ya New York Giants, timuyo inagoletsedwa mapointi 80 m'magemu awiri oyamba, 45 ndi Dallas, 35 ndi Green Bay. Pa sabata yachinayi difensi yomweyo inagwetsa quarterback (woponya mpira) wa Philadelphia ka 12, ndipo pamapeto pa sizoni inagonjetsa New England 17-14 mu Super Bowl, gemu yolimbirana chikho cha ligi. Koma nkhaniyi siyenera kutigoneka tulo, chifukwa mkulu yemweyo mu 2012 ku New Orleans anali ndi difensi imene inalola mayadi oposa 7,000 m'sizoni imodzi. Dongosolo labwino likapanda kuyenerana ndi anthu amene alipo, nthawi siilichiritsa.

Lachiwiri osewera amapuma, ife ndiye tsiku lathu lalitali. Timatenga magemu anayi omaliza a timu yomwe tikumane nayo, ndipo popeza sizoni yangoyamba, timabwereka ena a chaka chatha ngati wowaitanira masewero ndi yemweyo. Sewero lililonse timalilemba mu kompyuta: ndi mwayi wachingati (ofensi imapatsidwa mwayi kanayi kuti ipite mayadi 10), atsala mayadi angati, mpira uli pa hash iti (timizere tiwiri todutsa pakati pa bwalo), alowetsa anthu otani, aima motani, ndani anasuntha mpira usanayambe. Anthu timawawerenga ndi manambala awiri. Ukamva 11 ndiye running back (wothamanga ndi mpira) mmodzi, tight end mmodzi, ma receiver (olandira mpira woponyedwa) atatu. 12 ndiye ma tight end awiri. 21 ndiye ma back awiri. Kulakwitsa polemba pano n'koopsa kuposa kusalemba, chifukwa coordinator amamanga gemu yonse pa ziwerengero zimenezi. Timadzifufuzanso tokha. Magemu awiri okha, zinaoneka kale kuti tikaika ma linebacker onse awiri mumipata ya A pa mwayi wachitatu, timatumiza anthu asanu kukagwira quarterback nthawi zonse. Ngati ife taona, adani aonanso.

Usiku wa Lachiwiri ndi pamene panali kukambirana kolemera. Kochi aliyense amabwera ndi chake chimene akufuna chilowe pa pepala la ma call, malangizo a mmene difensi isewerere sewero lililonse: wina blitz yatsopano (kutumiza anthu owonjezera pa quarterback), wina kabisidwe ka coverage (katchingidwe ka ma receiver). Zonse zimaoneka zokoma pa bolodi. Koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Coordinator anatenga cholembera n'kuyamba kufufuta. Lamulo lake linali loti call imene sitingaiyeseze kokwanira pabwalo sabata ino isalowe, ndipo call imene inasokoneza anthu awiri kapena kuposa pa gemu yapita ipume kaye. Pa nkhani ya counter anagamula kuti tizilowa pansi pa guard nthawi zonse, pa front (kaimidwe ka anyamata a kutsogolo) iliyonse, kuti end asamaganize. Ndikuona kuti anachita bwino. Timu yochenjera idzaziwona n'kuyamba kutizungulira kunja, komabe bola kugonja pamalo amene ukudziwa kusiyana ndi kusiya khomo la pakati lotsegula.

Amene amatchulidwa kawirikawiri pa nkhani yopeputsa ndi a Wade Phillips. Anatenga difensi ya Houston Texans mu 2011, chaka chimene mkangano wa eni matimu ndi osewera unadya zokonzekera zambiri za sizoni isanayambe. Difensiyo inali ya nambala 30 pa mayadi mu 2010, n'kufika pa nambala 2. Ankaimika anthu mwa 3-4 (atatu pamzere, ma linebacker anayi) koma aliyense ali ndi mpata umodzi, ndipo ankasintha ntchito kuti iyenerane ndi munthu. Osaiwala kuti anapatsidwanso zida: J.J. Watt anasankhidwa pa nambala 11 mu draft (kusankha osewera ochokera ku koleji), Johnathan Joseph ndi Danieal Manning anagulidwa kudzalimbitsa kumbuyo. Ngakhale Mario Williams anavulala pa gemu yachisanu, nyumbayo sinagwe.

Lachitatu ndi la mwayi woyamba ndi wachiwiri, kutanthauza kuletsa kuthamanga ndi mpira. Ndi tsiku limene timavala zodzitetezera zonse, ndipo masiku oterewa ndi owerengeka: 14 m'sizoni yonse, 11 mwa amenewo m'masabata 11 oyamba. Quality control amajambula makadi, khadi limodzi sewero limodzi la adani, n'kumawaonetsa anyamata a practice squad, osewera apadera oyeseza nawo, kuti atsanzire. Khadi likajambulidwa molakwika, mwachitsanzo tight end n'kumuika mbali ina, difensi yataya mpata umodzi woyeseza ndipo sudzabweranso. Counter tinaibwereza kumanzere ndi kumanja, kuchokera ku 11 ndi ku 12, pena pali motion (wina kusuntha mpira usanayambe) pena palibe. Chimene timayang'ana pa kanema madzulo ake si kuti sewero laimitsidwa, chifukwa a practice squad sagunda ngati enieni. Timayang'ana phazi loyamba la end ndi maso a linebacker.

Lachinayi ndi la mwayi wachitatu, ndipo apa m'pamene chilankhulo chimavuta. Timachotsa linebacker mmodzi n'kulowetsa wotchinga kumbuyo wachisanu, ndiyo nickel; wachisanu ndi chimodzi akalowa ndi dime. Wosewera mmodzi yekha pa difensi ndi amene amaloledwa kukhala ndi wailesi m'chisoti, chokhala ndi kadontho kobiriwira kumbuyo, ndipo ligi inalola zimenezi mu 2008. Wailesiyo imadulidwa wotchi ya masekondi 40 ikafika pa 15. Choncho coordinator aone kaye anthu amene adani alowetsa, asankhe call, ainene, wa kadonthoyo aifikitse kwa anzake 10, ndipo ma safety, otchinga a kumbuyo kwenikweni, aisinthe ngati adani asuntha. Call ya mawu asanu ndi awiri sifika. Tinazidula kuti zikhale za mawu atatu kapena anayi, iliyonse ndi chizindikiro cha manja, chifukwa pabwalo lathu lomwe phokoso la ochemerera limakwera difensi ikakhala pabwalo. Mawu ena tinawasintha dala. Panali liwu limene chaka chatha linkatanthauza kuti safety atsike kudzatseka kunja, pomwe m'buku lathu likutanthauza kuti corner, wotchinga receiver m'mbali, ndiye atsike. Sitinalimbane ndi zimene anthu anazolowera. Coordinator anasiya liwu lake n'kutenga lawo.

Tinathera nthawi yaitali pa bunch, pomwe ma receiver atatu amaunjikana pamodzi kuti otchinga agundane okhaokha. Mmodzi amaima pamphuno pa wa kutsogolo n'kumugwira, awiri enawo amagawana: wina atenga amene watulukira mkati, wina amene watulukira kunja. Chimasokoneza n'chakuti onse awiri akatulukira mbali imodzi, wachiwiriyo ndi wa ndani. Yankho liyenera kudziwika Lachinayi. Kwa anyamata ochokera ku koleji timawonjezera za malamulo: kuno ukakankha receiver patadutsa mayadi 5, quarterback akadali ndi mpira m'thumba lake (kuseri kwa mzere womuteteza), ndi chilango cha mayadi 5 ndi first down yaulere, kutanthauza kuti adani ayambirenso mwayi woyamba. Kuyambira 2024 kugwetsa munthu pomulendewera m'chiuno n'kumugwera pamiyendo ndi mayadi 15. Kuimitsa timu pa mwayi wachitatu kenako n'kuibwezera mpira chifukwa cha dzanja kumaswa mtima gulu lonse.

Lachisanu n'lalifupi koma lachangu: red zone (mayadi 20 omaliza kufika pa chigoli), mzere wa chigoli, ndi mphindi ziwiri zomaliza. Mkati mwa mayadi 20 bwalo limafupika, ma safety sabwereranso kutali, mpira umatuluka msanga, ndiye kupatsirana anthu kuyenera kuchitika ndi maso. Tinayesezanso kusintha anthu. Ofensi ikalowetsa wina, oyimbira amaimitsa mpira kuti nafenso tisinthe; ikapanda kusintha, palibe amene amatidikira, ndipo munthu wa 12 akapezeka pabwalo ndi mayadi 5. Tsiku lomwelo lipoti la ovulala limatuluka lomaliza. Nickel wathu analembedwa kuti n'zokayikitsa, choncho call ziwiri zimene zinkadalira liwiro lake tinaziika pambali.

Loweruka ndi kuyenda pang'onopang'ono pabwalo, opanda zisoti, aliyense akutchula ntchito yake mokweza. Tinakweza corner mmodzi kuchokera ku practice squad. Amaloledwa awiri pa gemu, ndipo munthu mmodzi katatu kokha pa sizoni. Madzulo ku hotelo, wa kadontho kobiriwira ndi wachiwiri wake anakhala ndi coordinator n'kudutsa pepala lonse. Call imene wosewerayo anazengereza nayo poyankha inafufutidwa pomwepo.

Lamulungu mayina a osasewera amaperekedwa kutatsala mphindi 90. Malo a quality control ndi m'chipinda cha pamwamba, ndi mahedifoni, kutchula anthu amene adani alowetsa asanafike n'komwe pa huddle (pomwe amasonkhana kuuzana sewero), ndi kulemba call iliyonse pamodzi ndi zotsatira zake. Difensi ikatuluka, zithunzi zimafika pa matabuleti a Microsoft Surface, china mpira usanayambe, zina utangoyamba, ndipo kochi amakhala ndi mphindi zochepa zoti aonetse munthu mpata wake. Counter inabwera msanga, monga tinkayembekezera. End analowa pansi pa guard, mpira unatayikira kunja, linebacker anali pomwepo. Chigawo chachiwiri adani anaona, anayamba kumusiya end kuti alowe, tight end n'kutsekera linebacker mkati, mpira n'kuzungulira. Tinatsitsa safety mbali ya tight end, zomwe zinasiya corner yekha ndi receiver wawo wabwino, ndipo anatipeza kumeneko kamodzi ndi mpira wautali.

Pofika usiku kanema anali atalowa kale m'matabuleti. Pa pepala la Lolemba ndinalembapo zinthu ziwiri zoyamba nazo: mmene safety angatsikire mochedwa kuti quarterback asaone msanga, ndi bunch ija, chifukwa onse awiri atatulukira kunja anyamata athu anayang'anana kaye asanasunthe.