Sabata ya msomali ndi chingwe

Lolemba ndisanatsegule n'komwe ofesi, bambo wina anali kale pakhonde, kope la mwana wake lili m'manja. Aphunzitsi a Sitandade 6 anali atauza ana kuti ajambule nkhope za amayi awo pa Expressive Arts. "Ahedi, ife zojambula zamoyo sitichita," anatero mwaulemu, koma osaseka. Kuno ku Mangochi ana athu ambiri ndi Asilamu, ndiye nkhani yotere sufulumira kuyankha.

Lachiwiri masana ndinapita kwa a shehe a pamadrasa, ndili ndi mantha oti andibweza. Iwo anayamba ndi hadisi, mawu a Mneneri Muhammad, ya m'buku la Sahih Muslim yoti Mulungu ndi wokongola ndipo amakonda zokongola. Anati pa zojambula anthu ndi nyama akuluakulu achipembedzo amasiyana maganizo, koma luso lokhalo palibe amalikana, chifukwa kugwira ntchito mwaukhondo ndi mosamala ndi mbali ya ihsani, kutanthauza kuchita chinthu bwino koposa. Kenako anaviika cholembera cha bango mu inki n'kudontheza madontho motsetsereka. Umu ndi mmene Ibn Muqla, katswiri wa luso lolemba wa ku Baghdad amene anamwalira mu 940, ankayezera kutalika kwa alifu, chilembo choyamba cha Chiarabu, ndipo zilembo zinazo zimatengera bwalo lozungulira alifuyo. Ine ndinangoti kakasi. Si masamu awa?

Lachitatu pamsonkhano wa aphunzitsi tinagwirizana kuti mwana azisankha: nkhope, kapena mapatani. Vuto linali makampasi ojambulira mapataniwo. Ndalama za SIG, zomwe boma limapereka zotukulira sukulu, zinathera pa choko ndi chitseko cha chimbudzi, ndiye tinangoti msomali ndi chingwe zikwana.

Lachinayi ndi limene linandikoma. Pansi pa mtengo wa mango ana anakhoma msomali pamchenga, kuzunguliza chingwe, kenako ndi chingwe chomwecho, osachifupikitsa, n'kudula bwalolo magawo 6 ofanana. Duwa linatuluka lokha. Ena anasanjikiza masikweya awiri n'kupeza nyenyezi ya nsonga 8. Kamtsikana kena, kosayankhula m'kalasi chaka chonse, kanafuula kuti zimenezi zili pa kofia ya agogo ake. Aphunzitsi a masamu, amene dzulo lake ankadandaula kuti ndikuwabera piriyodi, anali atagwada pamchenga iwonso, thalauza lili mbuu.

Lachisanu a PEA, mlangizi wa masukulu a m'dera lathu, anatulukira mosayembekezereka n'kufunsa chifukwa chimene sikimu, ndondomeko ya zophunzitsa, yafufutidwafufutidwa. Ndinawatengera kuseri kwa kalasi. Mbuzi zinali zitapondaponda theka la nyenyezi zija, koma zotsalazo anaziyang'ana nthawi yaitali, n'kusaina. Kope la bambo uja likadali mudirowa yanga. Anati adzalitenga akachoka ku mapemphero a Juma.