Nsupa ya ku Joni

Malume anga anagwira ntchito yophika kwa mzungu wina amene anali ndi nyumba m'mbali mwa nyanja, panjira ya ku Monkey Bay. Mzunguyo pobwerera kwawo anagawa katundu. Wa m'dimba analandira njinga, mlonda analandira jekete ndi nsapato, koma malume anapatsidwa chitsulo cholemera chokhala ndi timabotolo tisanu ndi titatu pamwamba pake. Anadandaula za njingayo mpaka tsiku limene anatisiya. Pogawa za masiye, abale anathamangira ukonde ndi bwato, ine mphwawo nkundiponyera chitsulocho, amvekere, "Iwe wa mafoni, tenga zakozi."

Ndimakonza mafoni pamsika wa pa boma pano pa Mangochi, ndiye nditapukuta fumbi nkuwerenga dzina, mtima unagunda. Leak Stereo 20. Ampulifaya, chipangizo chokuzira mawu a nyimbo, imene kampani ya Harold Leak inayamba kupanga ku London mu 1958. Timabotolo tija ndi mavalavu: anayi a EL84 okankha masipika, atatu a ECC83 okuza mawu, ndi imodzi yonenepa kuposa anzake, GZ34. Mphamvu yake ndi ma watts 10 mbali iliyonse, zimene anyamata a zoimbira za paukwati angakusekeni nazo mpaka kugwa pansi. Koma nditasintha makapasita okalamba, tizipangizo tosunga mphamvu ya magetsi, nkuiyatsa usiku wina, ndinamva chala cha woimba gitala chikukhwekhwereza pa waya, ndinamvanso iye akukoka mpweya asanayambe vesi. Nyimbo yomweyo ndinali nditaimva kambirimbiri m'maminibasi, zimenezo osazimvapo.

Chimwemwe changa chinathetsedwa ndi mphaka wa apongozi. Ankathamangitsa buluzi, nkudumphira pa shelefu, nkugwetsera mpini wa khasu pa valavu yonenepa ija. Galasi linangochita kamng'alu kakang'ono, koma pofika m'mawa kachigamba konyezimira kamene kamakhala m'kati mwa galasi kanali katayera ngati ufa woyera. Kakatero ndiye kuti mpweya walowa, valavu yafa, palibenso za mawa.

Ntchito ya GZ34 ndi yosavuta kuimvetsa. Magetsi a pakhoma, a ma volts 230 aja, amapita uku nkubwerera uku maulendo 50 pa sekondi iliyonse, pomwe mavalavu enawo amafuna magetsi oyenda njira imodzi, oposa ma volts 300. Thiransifoma imawakweza, GZ34 nkuwawongola. Ikafa iyo, anzake asanu ndi awiri amangoyaka mwaulemu osatulutsa mawu.

Ndinapita kwa mdala wina wokonza mawailesi kuseri kwa depoti. Anayang'ana valavuyo, nkundiyang'ana ine.

"Mwana wanga, bwanji tingomangapo madayodi awiri a 1N4007? Ndalama yake siyikwana ngakhale mulu wa usipa."

Ndinakana. Dayodi, kachipangizo kakang'ono kamene nakonso kamawongola magetsi, ilibe chifundo. Mukangoyatsa imaponya mphamvu yonse nthawi yomweyo, mavalavu ena asanatenthe, ndipo imadya volt imodzi yokha kapena kuchepera, pomwe GZ34 imadya oposa khumi. Zonsezo zimakathera pa makapasita ndi mavalavu okalamba. GZ34 imayamba yafunda kaye, nkumatulutsa mphamvu pang'onopang'ono. Mdala uja anapisa m'katoni nkutulutsa 5U4G ya fumbi, akuti inachokera mu ampulifaya ya tchalitchi china. Imalowa pa soketi yomweyo, inde, koma kawaya kake kotenthetsa kamakoka ma amps 3 pomwe GZ34 imakoka 1.9. Thiransifoma ya zaka zoposa 60, kutentha kwa Mangochi mu Okutobala, ndiye muiwonjezere katundu? Ndinathokoza nkuchoka.

Kuno kwathu ukasowa chinthu umaimbira ku Joni, ndipo ine ndili ndi msuweni kumeneko. Anafufuza nkundiuza kuti zilipo ziwiri. Yatsopano ya JJ, yopangidwa ku Slovakia, yotsika mtengo. Ndi yakale koma yosagwirapo ntchito, ya Mullard, yopangidwa ku Blackburn ku England, imene anthu okonda zoimbira amaitchula motsitsa mawu. Mtengo wake unafanana ndendende ndi ndalama ina imene inali m'chitini m'nyumba mwathu, imene ine ndi mayi a kunyumba tinkasungira malata a chipinda cha ana. Mvula inali idakali kutali. Ndinasankha Mullard.

Katunduyo anabwera ndi anyamata onyamula katundu wa ku Joni. Msuweni wanga, poopa kuti galasi lingasweke panjira ya ku Tete, anataya kabokosi kake nkukulunga valavuyo mu sokosi, sokosiyo nkuikulunga m'kansalu kofiira, kansaluko nkukamanga ndi ulusi wakuda mozungulizazunguliza. Mwa nsalu zonse za mu Johannesburg, iye anapeza yofiira. Ndinaibisa kunsi kwa bedi, m'kati mwa nsapato yanga ya gambutsi, kudikira Loweruka pamene mayi a kunyumba amapita kukaoda tomato ku Namwera.

Ine ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi ndi la eni ake, ndipo mwana wanga wamng'ono ndi mtolankhani wa agogo ake.

Lachisanu madzulo ndikutsika pa kabaza kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, ndinaona anthu pansi pa mtengo wa mango wa pakhomo pathu. Ndinayamba kuganiza za maliro. Kuyandikira, ndinaona ankhoswe a mbali zonse ziwiri ali pamipando, mkulu wa mpingo ali ndi Baibulo pamwendo, azimayi ali pamkeka, apongozi atakhala chammbali atandifulatira monga mwa mwambo. Pakati pa bwalo panali lichero. Pa licheropo panali kansalu kofiira kotambasula, ndipo pa kansalupo panagona Mullard wanga, atazunguliridwa ndi mchere.

"Khalani pansi, akamwini," anatero nkhoswe ya kuchikazi. "Tangofuna mutithandize. Ichi n'chiyani?"

"Ndi valavu, bambo."

"Valavu timaidziwa, ili pa tayala la njinga. Ichi n'chiyani?"

Apongozi salankhula nane maso ndi maso, ndiye mawu awo ankadzera kwa mng'ono wawo ngakhale ndinali pamtunda wa mikono itatu. "Afunseni akamwiniwo, ngati chili chabwino chimafuna chiyani mu gambutsi?"

Funso limenelo linali ndi yankho, koma yankho lake linali m'chitini cha malata. Ndinalilumpha nkuyamba kuphunzitsa. Ndinati taonani, m'kati mwa galasimu mulibe mpweya ngakhale pang'ono. Azimayi anayang'anana. Ndinati chimagwira ntchito pokhapokha chikatenthedwa. Mkulu wa mpingo anatsegula Baibulo. Ndinati si chachilendo ayi, anachitulukira mzungu wina dzina lake John Ambrose Fleming kalekale mu 1904, agogo athu asanabadwe.

"Mwamva?" anatero apongozi kwa mng'ono wawo. "Mwini wake anafa kale."

Wina kumbuyo anakumbutsa bwalo kuti chaka chino ndagula foni yatsopano komanso ndanenepa. Wina anati n'chifukwa chake usiku m'nyumba mwanga mumamveka anthu oimba koma osaoneka akutuluka. Mayi a kunyumba anali chete, maso ali pa ine, ndipo kukhala chete kwawoko kunkandiopsa kuposa mchere uja.

"Ndiloleni ndikuonetseni," ndinatero.

Ndinatulutsa ampulifaya, masipika awiri ndi chingwe chachitali cha magetsi. Nditatola valavu pa lichero ndi dzanja langa, mayi wina anakuwa. Ndinalunjikitsa kamphuno ka pakati pa timiyendo take ndi kampata ka pa soketi, nkuikankha mpaka inakhala. Ndinalumikiza foni, nkusankha nyimbo ya kwaya kuti mkulu wa mpingo akhale mbali yanga, nkuyatsa pakhoma.

Zii.

Ndinkadziwa kuti ziyenera kutero. Kufunda pang'onopang'ono kuja ndi kumene ndinakanira madayodi, ndi kumene ndinalipirira ndalama yonse ija. Koma masekondi khumi ndi kuposerapo pamaso pa ankhoswe ndi nthawi yaitali zedi. Dzuwa linali litalowa, ndipo m'timabotolo muja munayamba kuoneka timoto tofiirira, kamodzikamodzi. Mkeka unayamba kusunthira kumbuyo wokha. Ana anakwera pa khonde.

"Chikuyaka koma sichikulankhula," inatero nkhoswe yanga, imene mpaka pamenepo ndinkaiyesa mboni yanga.

Thukuta linatsikira m'zala. Ndinaganiza kuti mwina vuto ndi foni. Ndinakweza voliyumu mpaka kumapeto, ndinadina apa, ndinadina apo, nyimbo inatsekeka, WhatsApp inatseguka, chala chonyowa chinatera pomwe chinatera. Ndipo nthawi yomweyo GZ34 inamaliza kufunda.

Mawu sanabwere mwadzidzidzi. Anayambira kutali, pansipansi, nkumakwera, nkumayandikira, mpaka munthu anaima pakati pa bwalo wosaoneka thupi. Apa ndiyenera kuiyamikira Leak. Sipika ya foni ikanamveka ngati foni, aliyense akanaseka. Koma uyu anali msuweni wanga weniweni, ndi kamphuno kake kotsekeka, ndi malovu amene amameza asananene bodza.

"Ase, chinthu chija chafika? Uchibise bwino, alamu asachione. Mwini wake wanena kuti usachigwire chikatentha, ndipo ukachisamala chidzakugwirira ntchito zaka zambirimbiri. Chakufa chija ukataye kutali, ana asachione..."

"Mayo! Ndi msuweni wake wa ku Joni uja!" anakuwa apongozi, ulendo uno osadzera kwa mng'ono wawo. "Amuika m'botolo! Amusandutsa ndondocha!"

Stereo 20 ilibe kopotokola kuti mawu atsike, voliyumu yake imakhala pa chipangizo china chimene mzungu uja sanawapatse malume. Foni inali itaterereka m'manja nkugwera kunsi kwa mpando wa nkhoswe. Ndinathamangira chingwe nkuchizula, nkuchikweza m'mwamba kuti aliyense aone kuti ndazula.

Msuweni anapitiriza kulankhula.

Zimatero ndithu. Makapasita amakhala atasunga mphamvu, mavalavu amakhala adakali otentha, ndiye mawu amapitirira kwa masekondi angapo nkumazilala. N'chifukwa chake wokonza zinthuzi sapisamo dzanja atangozimitsa. Koma yesani kufotokoza zimenezo kwa anthu amene akuona pulagi ili m'manja mwanu, uku munthu wa ku Joni akulankhulabe pansi pa mango. Mkulu wa mpingo anayambitsa pemphero ali chiimire pa mpando. Nkhoswe ya kuchikazi inapezeka kuseri kwa bafa, nsapato imodzi itatsala pabwalo. Ndipo mawu omaliza, otsika koma omveka bwino kwa aliyense amene sanathawe, anali akuti:

"...ndalama ya malata ija yakwana ndendende, koma ya thiransipoti uwonjezere."

Amene sanathawe anali mmodzi.

Mayi a kunyumba anadzuka pamkeka, nakonza chitenje, nalowa m'nyumba. Tinamva chitini chikutsegulidwa. Anatuluka nacho chili chozondotsa.

"Amayi, bwererani, palibe mfiti pano," anatero modekha. "Ankhoswe, khalani pansi. Mlandu uja watha, tiyambe wina."

Mlandu wachiwiriwu unali waufupi chifukwa umboni unali utaperekedwa kale, momveka bwino, m'masipika awiri. Tinaimbira msuweni pa vidiyo kuti apongozi aone kuti ali moyo ndipo ali ndi thupi. Anapezeka akudya chipisi. Nkhoswe ya kuchikazi, itapeza nsapato yake ndi ulemu wake, inafuna kumvetsa chinthu chimodzi.

"Akamwini, tinene kuti nyimbo zimakoma chifukwa zimadutsa m'botolo lodulali?"

Ndikanatha kunama. Koma pa nkhani ya zipangizo pakamwa panga pamakana. Ndinafotokoza kuti nyimbo zimadutsa m'mavalavu ena asanu ndi awiriwo, ili limangowongola magetsi. Ndinawonjezera kuti akatswiri amatsutsana, ena amati amamva kusiyana chifukwa valavu iliyonse imatsitsa mphamvu mosiyana nyimbo ikafika pokwera, ena amati n'zam'mutu chabe.

"Ndiye kuti nyimbo sizidutsamo."

"Sizidutsamo, bambo."

"Ndipo linalipo lina lotchipa."

"Linalipo, la ku Slovakia."

"Logwira ntchito yomweyo."

Ndinayang'ana nkhoswe yanga kuti indithandize. Inali ikuwerenga masamba a mango.

Chigamulo chinali chakuti valavu ilandidwe mpaka malata atagulidwa. Vuto linali wosunga. Nkhoswe ya kuchikazi inati kwawo kuli ana aang'ono. Nkhoswe yanga inati denga lake limadontha. Mkulu wa mpingo anati ali ndi msonkhano. Pomaliza anaitenga mayi a kunyumba, naikulunga m'kansalu kofiira komweko, naitsekera m'sutikesi yawo. Ndikabweretsa lata limodzi, amaitulutsa Lamlungu masana, ndimvere mpaka dzuwa litapendeka, kenako amadikira izizire nkuibweza. Aphunzira kuizula moigwira kumunsi, osati kugalasi, ndipo amandidzudzula ndikaiyatsa nkuizimitsa pafupipafupi.

Apongozi anavomera kuti mnyamata uja ali moyo, koma pakhomo panga sadutsa ampulifaya ikayaka. Lamlungu lapitali, timoto tija titangoyamba kuoneka, mwana wanga wamng'ono anabwera chothamanga kuchokera kwa agogo ake.

"Ababa, agogo akuti botolo likatentha muwauze amalume a ku Joni kuti bulangete lija analonjeza, lofiirira asagule, akufuna la buluu."