Mmene ndinachepetsera kutentha kwa purosesa pamene kompyuta ilibe ntchito

Ndisanasinthe chilichonse, ndinatsegula pulogalamu ya HWiNFO n'kusiya kompyuta ili chiyakire popanda ntchito, kuti ndione kutentha, liwiro la purosesa ndi voteji imene inkalandira. Liwiro linali litakhazikika pamwamba ndipo voteji sinkatsika, ngakhale kuti panalibe chimene purosesayo inkachita. Gwero la kutenthako linali limeneli.

Ndinayatsanso kompyuta, ndipo Windows isanatseguke ndinadina batani la Delete kuti ndilowe mu BIOS, pulogalamu ya m'kati mwa kompyuta imene imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke ndipo imalola kusintha mmene zipangizo zake zimagwirira ntchito. Pa makompyuta ena batani lake ndi F2. Purosesa yanga ndi ya Intel, choncho m'gawo la CPU (dzina lina la purosesa) ndinayatsa SpeedStep, imene imalola purosesa kutsitsa liwiro ndi voteji ntchito ikachepa. Pa mapurosesa a AMD, ntchito yotereyi ndi ya Cool'n'Quiet.

Pamene ndinaikapo mtima kwambiri ndi pa C-States, milingo yosiyanasiyana ya kupumula kwa purosesa, chifukwa ndi zimene zimapumitsadi purosesa. C0 ndi nthawi imene ikugwira ntchito, C1 ndi C1E ndi kupumula kopepuka, koma mu C6 core (limodzi mwa magawo a purosesa amene amagwira ntchito paokha) imene ilibe chochita imasunga kaye zimene inali nazo, kenako magetsi ake amadulidwa pafupifupi onse mpaka itafunikanso. Ndinasankha Enabled m'malo mwa Auto, popeza tanthauzo la Auto limatengera amene anapanga bodi yaikulu ya kompyuta imene purosesa imakhalapo, ndipo sindinafune kuti nkhani yofunika chonchi ikhale yongoganizira. Amene ali ndi bokosi lakale lopereka magetsi asamale apa: mapurosesa a Intel a mtundu wa Haswell atatuluka mu 2013, zinadziwika kuti mabokosi ena akale amatha kuzimitsa kompyuta purosesa ikalowa mu C6 kapena C7 (kupumula kozama kuposa C6), chifukwa imakoka magetsi ochepa kwambiri. Ndinasunga zonse zimene ndinasintha mu BIOS podina batani la F10.

BIOS imangopereka chilolezo, ndipo Windows ikapanda kuvomereza, liwiro limakhalabe pamwamba. Mu Power Options ndinachoka pa High performance, imene imaika Minimum processor state (liwiro lotsikitsitsa limene purosesa imaloledwa kufikapo) pa 100%, n'kupita pa Balanced, ndipo ndinatsimikiza kuti nambala imeneyi ili pa 5%. Maximum processor state ndinaisiya pa 100% kuti mphamvu yonse izipezeka ikafunika.

Nditabwerera ku HWiNFO, liwiro linkatsika ndi kukwera molingana ndi ntchito, kutentha kunatsika, ndipo fani inachepetsa phokoso. Pa ntchito yolemera kutentha sikunasinthe, chifukwa pamenepo purosesa sipeza mpata wopumula. Kumeneko kumafuna kuchotsa fumbi ndi kuonanso phala lotulutsa kutentha limene limapakidwa pakati pa purosesa ndi choziziritsa chake.