Amene ali kunja sangavote kuti alowe

Teremu ino tikuphunzira za demokalase ndi ufulu wa anthu, ndipo ndinalowa m'kalasi ndikudziona ngati nkhaniyi ndikuidziwa kale. Tsiku loyamba aphunzitsi atatifunsa kuti demokalase n'chiyani, ndinayankha mosajejema kuti ndi ulamuliro wa anthu ambiri: aliyense akhale ndi voti imodzi, mavoti awerengedwe poyera, amene wapeza ochuluka alamulire. Iwo analemba yankho langa pa bolodi, nazunguliza mawu oti "aliyense" ndi choko. Kenako anandifunsa kuti, "Mu aliyense mwanumu mumalowa ndani, nanga amamulowetsamo ndani?" Ndinangoti kakasi. Patha masabata asanu ndi limodzi tsopano koma funsoli silikundichoka m'mutu.

Chimene chinandigwedeza kwambiri ndi mbiri ya Switzerland, dziko limene ambirife timalitama chifukwa nzika zake zimavotera mwachindunji nkhani zambiri. Mu 1959 kunachitika riferendamu yofunsa ngati amayi apatsidwe ufulu wovota pa zisankho za dziko lonse. Ovota anali amuna okhaokha, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse anakana. Palibe anaba mavoti, palibe anaopsezedwa, kuwerenga kunayenda bwinobwino. Malinga ndi yankho langa la pa bolodi lija, imeneyi inali demokalase yopanda chilema. Amayi a ku Switzerland anadikira mpaka 1971, pomwe anzawo a ku New Zealand anali atayamba kuvota mu 1893. Ndipo m'chigawo china chaching'ono, Appenzell Innerrhoden, amuna ankasonkhana pabwalo n'kumavota pokweza manja, ndipo mu 1990 anakananso kuti akazi awo, amayi awo ndi ana awo aakazi azivota nawo pa nkhani za chigawocho. Linachita kulowererapo ndi khothi lalikulu la dzikolo chakumapeto kwa chaka chomwecho kuti chitseko chitseguke.

Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma pano chitseko chinali chokhoma ndipo kiyi anali m'thumba mwa amene m'mimba simukuwapweteka. Apa ndi pamene ndinaona kulakwa kwa yankho langa. Munthu amene watsekeredwa kunja sangagwiritse ntchito voti kuti alowe, popeza votiyo ndi imene akumanidwa. Akudalira chifundo cha amene ali m'kati, kapena chinthu china chimene sichidalira kuchuluka kwa manja: malamulo oyendetsera dziko, makhothi oyima paokha, zionetsero, ndi kukakamira kwa eni akewo kwa zaka zambirimbiri. N'chifukwa chake ndasiya kuganiza kuti khothi likakana chofuna cha anthu ambiri ndiye kuti nthawi zonse lapondereza demokalase. Nthawi zina ndi pamene likuiteteza.

Sabata yachitatu tinaphunzira kuti ngakhale ufulu utalembedwa, ukhoza kufera papepala. Ku United States malamulo anasinthidwa mu 1870 kuti munthu asamanidwe voti chifukwa cha khungu lake. Komabe m'madera a kummwera anthu akuda anakhala pafupifupi zaka 100 akubwezedwa pa khomo la kaundula. Ankawauza kuti alipire kaye msonkho wovotera, kapena alembe mayeso oona ngati amadziwa kuwerenga, ndipo wochonga mayesowo anali kalaliki yemweyo amene sankafuna kuti iwo alembetse. Ena ankachotsedwa ntchito kapena kumenyedwa chifukwa chongoyesa. Ku Mississippi, mu 1964, anthu akuda amene anali m'kaundula wa ovota sankakwana 7 pa 100 alionse oyenera kuvota. Lamulo la ufulu wovota la 1965 litaletsa mayeso aja n'kulola boma lalikulu kutumiza anthu ake okalemba kaundula, pofika 1967 chiwerengerocho chinali chitayandikira 60 pa 100. Anthu anali omwewo, chikhumbo chawo chovota chinali chomwecho. Chimene chinasintha ndi zopinga zimene zinali pakati pa munthu ndi bokosi.

Zonsezi ndinkaziwerenga ngati mbiri yakutali mpaka tsiku limene tinakhala pagulu kukambirana pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, limene linavomerezedwa mu 2006. Gawo 29 la panganoli limanena kuti munthu waulumali ali ndi ufulu wovota mwachinsinsi, kupikisana nawo pa chisankho, ndiponso kuthandizidwa ndi munthu amene wamusankha yekha ngati akufuna thandizo. Ine ndinawerenga mokweza n'kunena kuti gawoli n'lomveka, tipite kutsogolo. Mnzathu wina wa pagulupo, amene ndi wosaona, anati, "Dikirani kaye achimwene. Inu munavotapo wina akukuyang'anani chala?"

Anatifotokozera kuti wavotapo kawiri, ndipo maulendo onse awiri analowa m'kachipinda kovotera atagwira mkono wa mkulu wake. Mkuluyo amamuwerengera mayina motsitsa mawu, iye amanong'oneza dzina limene akufuna, ndipo amangomva cholembera chikukanda pepala. Sakudziwa ngati chinakanda pamene iye ananena. Anati mkulu wakeyo amamukhulupirira, koma awiriwo sagwirizana pa ndale, ndipo ulendo wachiwiri pobwerera kunyumba anayenda njira yonse osalankhulana. "Inu voti yanu mumaidziwa nokha," anatero. "Yanga timaidziwa awiri, ndipo mwa awirife amene anaiona ndi maso si ine."

Pagulu paja panati zii. Chimene chinandipweteka n'chakuti mankhwala a vutoli si odula kapena ovuta. Mayiko ena, kuphatikizapo South Africa, ali ndi chikuto cholimba chimene amalowetsamo pepala lovotera. Chili ndi timabowo toyang'anizana ndi timabokosi tochongamo, ndipo m'mbali mwake muli zizindikiro zotukuka zoti munthu aziwerenga ndi chala. Akadziwa kuti amene akumufuna ali pa nambala yachinayi, amatsetsereka ndi chala mpaka bowo lachinayi n'kuchonga yekha. Chinthu chaching'ono ngati chimenechi chimasowa pamalo ovotera chifukwa pa tebulo pamene amakonza dongosolo la chisankho sipakhala munthu amene anakakamizikapo kunong'oneza voti yake. N'chimodzimodzi masitepe a pakhomo la malo ovotera kwa woyenda pa njinga ya olumala, kapena msonkhano wa ndale wopanda womasulira m'chinenero chamanja. Sindikhulupirira kuti okonza amachita dala. Saona vutolo chifukwa silinawagwerepo.

Ndiye funso linabwera lokha: ngati vuto ndi amene akhala pa tebulo, bwanji osangowasungira mipando osalidwawo? Mayiko angapo achita zimenezi. Ku India, mwa mipando 543 ya m'nyumba ya malamulo ya Lok Sabha, 84 ndi yosungidwira anthu a m'magulu amene kale ankatengedwa ngati osayenera kukhudzidwa, ndipo 47 ndi ya mitundu ina imene malamulo anaiika pa mndandanda wapadera. Kuchokera mu 1993, mpando umodzi mwa itatu iliyonse m'makhonsolo a m'midzi unasungidwira amayi. Akatswiri awiri a zachuma, Raghabendra Chattopadhyay ndi Esther Duflo, anafufuza ku West Bengal ndi ku Rajasthan, ndipo mu 2004 anasonyeza kuti makhonsolo otsogoleredwa ndi amayi ankaika ndalama zambiri pa madzi akumwa, chinthu chimene amayi a m'midziyo ankachidandaula kawirikawiri. Kwa ine umenewu ndi umboni wamphamvu. Amene wakhala pampando amasintha kumene ndalama zikupita.

Koma sindikufuna kudzinamiza kuti mpando umathetsa zonse. Ku India komweko kuli midzi kumene mayi amasankhidwa koma woyendetsa zinthu ndi mwamuna wake, mpaka anthu anamupatsa dzina mwamuna wotereyu, amati sarpanch pati. Rwanda inaika m'malamulo ake a 2003 kuti amayi asachepere 30 pa 100 m'malo opanga ziganizo, ndipo mu 2008 inakhala dziko loyamba kukhala ndi aphungu aakazi ochuluka kuposa aamuna. N'zosiririka, komabe m'kalasi tinatsutsana kwambiri ngati kuchuluka kwa amayi m'nyumba ya malamulo kumatanthauza zambiri pamene otsutsa boma alibe danga lokwanira lolankhula. Ku Kenya, malamulo a 2010 amati amuna kapena akazi asapitirire magawo awiri mwa atatu a mipando, koma aphungu anazengereza kukhazikitsa lamulo loti zimenezi zitheke, mpaka mu 2020 mkulu wa makhothi David Maraga analangiza pulezidenti Uhuru Kenyatta kuti athetse nyumba ya malamulo. Sinathetsedwe. Apanso amene ankayenera kutsegula chitseko ndi omwe akanataya mipando chikatseguka.

Mnzanga wina m'kalasi amadana ndi mipando yosungidwa. Amati imanyoza munthu, chifukwa aliyense amamuona ngati anangopatsidwa, sanapambane. Mfundo yake ndimaimva ndipo siyopanda pake. Koma ndinamuyankha kuti mpikisano umene akuutetezawo sunayambe wakhala wofanana. Kupikisana kumafuna ndalama za misonkhano, chipani chokuvomereza, ndiponso mtima wopirira kutukwanidwa, ndipo mayi kapena munthu waulumali amatukwanidwa pa thupi lake ndi banja lake, osati pa mfundo zake. Ine ndaima apa: mipando yosungidwa ikhalepo, koma wokhalapo asankhidwe ndi anthu amene akuwayimira, osati kutoledwa ndi akuluakulu a chipani. Akatoledwa ndi chipani, amaopa chipani. Akasankhidwa ndi anzake, amadziwa amene adzamufunse pakatha zaka zisanu.

Nkhani imene ndikulemba yoti ndipereke kumapeto kwa teremu ndaisintha mutu. Poyamba ndinkafuna kuyerekeza ziwerengero za amayi m'nyumba za malamulo za mayiko osiyanasiyana. Tsopano ndikutsatira ulendo wa munthu mmodzi wosaona kuyambira tsiku lolembetsa m'kaundula mpaka pamene pepala lake likugwera m'bokosi, ndipo pa sitepe iliyonse ndikulemba amene ayenera kumudalira komanso chifukwa chake. Mnzathu uja wavomera kuti tilembe limodzi, koma wandipatsa lamulo limodzi, loti ndisalembe kalikonse m'dzina lake ndisanamuwerengere. Dzulo tinakhala pansi n'kuwerengera, ndipo tisanafike n'komwe pa khomo la malo ovotera tinali titapeza kale anthu anayi: womuwerengera chidziwitso cha tsiku lolembetsa, womuperekeza kukalembetsa, womuonera ngati dzina lake lalembedwa molondola m'kaundula, ndi womuuza zimene zalembedwa m'mapepala a malonjezo a zipani.